Mwera Ukadzuka, Bwato Ligone Pamtunda

Pa 30 Julaye 1946, sitima yapamadzi ya Vipya inanyamuka ku Mbamba Bay, tsidya la Tanganyika, kulunjika ku Florence Bay, komwe lero timati Chitimba. Inali sitima yatsopano, itangoyenda maulendo owerengeka, ndipo okwera analibe chifukwa choikayikira. Koma tsikulo mwera unali utadzuka. Ulendo unapitirira, mafunde nakulirakulira, madzi nayamba kulowa. Mtunda wa Chitimba uli pafupi, sitima inapendekeka n'kugadabuzika. Anthu 145 anathera pomwepo. Kufikira lero, ngozi imeneyi ndiyo yaikulu pa zonse zodziwika panyanja ya Malawi.

Ngati mwera unagonjetsa sitima yachitsulo, nanga bwato lako logoba mumtengo, kapena boti lathabwa lodzaza matumba a usipa ndi amayi ageni, lingalimbe bwanji?

Mphepoyi chiyambi chake chili kutali ndi nyanja yathu. M'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kumwera kwa Africa ndi panyanja yamchere ya India kumaunjikana mpweya wozizira. Mpweya wozizira ndi wolemera, umapanikiza pansi, ndipo monga madzi afunafuna kotsika, nawonso umathamangira komwe kuli mpweya wofunda ndi wopepuka, ndiye kumpoto kuno. Ukamadutsa ku Mozambique utasenza chinyontho, umakwera mapiri a Mulanje ndi Thyolo n'kugwetsa mvula yowaza ndi nkhungu ija timati chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone. Mpweya womwewo ukafika kunyanja umapeza mpita. Nyanja yathu ili m'chigwa chachitali, mapiri uku ndi uku, ndipo kutalika kwake kumaposa makilomita 550. Palibe choitchinga mphepo, choncho imakankha madzi kuchokera kumwera mpaka kumpoto. Funde lobadwira ku Mangochi lili ngati khanda, koma pofika ku Nkhata Bay, Usisya ndi Chitimba limakhala litakhwima. N'chifukwa chake wa ku Blantyre akamavala juzi n'kumadandaula za chiperoni, wa kunyanja ayenera kukokera bwato kumtunda.

Choopsa cha mwera n'chakuti suchita kubwera ndi mabingu. Mvula yamkuntho ya m'dzinja, ija imabadwa mpweya wachinyontho wochokera ku Congo ukakumana ndi wina wochokera kunyanja yamchere, imadzionetsa: mtambo wakuda umatutumuka, ziphaliwali zimang'anima, aliyense amathawa. Mwera umatha kuwomba kumwamba kuli mbee, dzuwa likuwala. Pagombe lobisika kuseri kwa phiri madzi amangoti phee, iwe n'kumati kwacha bwino. Ukangodutsa mlomo wa phirilo, upeza nyanja ina, yowinduka, ndipo kutembenuza bwato pakati pa mafunde otero ndiye kudziika m'kamwa mwa imfa. Komanso mwera ukayamba umatha masiku angapo, ndipo ngakhale mphepo italeka, mafunde amachedwa kugona.

Ndikudziwa chimene chimakankhira munthu m'madzi tsiku loipa. Kunyumba ufa watha. Mwini chilimira akufuna ndalama ya mafuta a injini ibwerere. Anzako akukuseka kuti ndiwe wamantha. Wageni akuopa kuti nsomba zimuwolera asanafike kumsika. Zifukwa zonsezi n'zoona, ndipo sindikuzipeputsa. Koma njala ya masiku atatu imapiririka; ya ana amasiye ilibe tsiku lothera.

Masiku ano tili ndi mwayi umene okwera Vipya analibe. Nthambi ya boma yoona zanyengo imaona mpweya uja ukadali kutali, n'kulengeza pawailesi ndi pamafoni kuti asodzi ndi onse oyenda panyanja asamale ndi mwera. Chenjezo limenelo ndi lako. Ukalimva, uza anzako padoko. Ukaona mizere yoyera ya thovu patali pamadzi, kapena mitambo ikuthamanga kuchokera kumwera, usanyamuke. Ngati boti ladzaza mpaka madzi atsala pang'ono kufika m'milomo, tsika, ngakhale utalipira kale. Chovala choyandamitsa chivalidwe pathupi ulendo usanayambe, pakuti bwato likagubuduka sipakhala nthawi yochifufuza pansi pa katundu. Ndipo nkhalamba ya pagombe ikayang'ana kumwera n'kupukusa mutu, imvere; wakutsina khutu ndi mnansi.

Nsomba sizisamuka m'nyanja chifukwa wagona kumtunda masiku awiri. Soka ukonde, mata bwato pomwe pakudontha, dikira. Vipya ikadali pansi pa madzi kufupi ndi Chitimba, ndipo mphepo imene inaigwetsa imabwerabe chaka chilichonse, m'miyezi yomweyo, kudzera njira yomweyo.