Miyala ikasiyana pamphete ya oda, wamalonda atani?

Nyengo ya zinkhoswe ndi maukwati ikafika, amisiri osula mphete ndi ogulitsa zokongoletsera muno mu Mzuzu amalandira maoda ambiri. Masiku ano makasitomala ena safunanso mphete za m'paketi zomwe zimasuluka pakangotha miyezi ingapo. Amabwera ndi chithunzi pafoni n'kunena kuti, "Mundipangire yonga iyi, mwala waukulu pakati, ing'onoing'ono iwiri m'mbali." Oda yotere ili ndi phindu labwino, koma ndi yomwenso imabala milandu. Sabata ino tikambe za mlandu umodzi womwe umabwera kawirikawiri, wa miyala yosafanana.

Tiyerekeze kuti mwalandira oda, mwapereka ntchito kwa mmisiri, mphete yatuluka ndipo mwini wake walipira. Pakutha pa masiku atatu akubwera atakwiya. Akuti atayang'ana bwino kunyumba, mwala wakumanja ukuwala mbee pamene wakumanzere ukuoneka wachikasu komanso wocheperapo. Chinkhoswe chili Loweruka likudzali, ndipo ndalama yake inu mwaigwiritsa kale ntchito poodera katundu wina. Apa zinthu ziwiri zili pachiswe, mpamba wanu ndi mbiri yanu.

Chifukwa chake miyala imasiyana

Choyamba tidziwe katundu wathu. Kuno ku Malawi kulibe mgodi wa dayamondi. Miyala ya dayamondi imakumbidwa m'maiko monga Botswana, South Africa, Angola ndi Zimbabwe, ndipo yomwe timaiona pamphete nthawi zambiri imabwera ndi abale ochokera ku Joni kapena imaodedwa kunja. Yomwe tili nayo pafupi ndi aquamarine, amethyst, tourmaline ndi rose quartz ya m'boma la Mzimba, komanso ruby ndi sapphire ya kuphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu. Miyala yonseyi imapangika pansi panthaka, si ya kufakitale. Iwiri yotuluka m'dzenje limodzi ikhoza kusiyana, monga amasiyanira ana a mimba imodzi.

Ogulitsa dayamondi padziko lonse amatsata zinthu zinayi zomwe bungwe la Gemological Institute of America lidakhazikitsa: kulemera, mtundu, kuyera kwa mkati ndi kadulidwe. Zinthu zomwezi zimatithandiza ngakhale pa miyala ya kwathu kuno.

Kulemera kumayezedwa ndi muyeso wotchedwa carat. Carat imodzi ndi magalamu 0.2, kutanthauza kuti ma carat asanu amakwana galamu imodzi. Koma diso la kasitomala siliona kulemera, limaona kukula kwa nkhope ya mwala. Mwala wa dayamondi wozungulira wa carat imodzi umakhala pafupifupi mamilimita 6.5 m'mimba mwake ukadulidwa bwino. Wina wolemera chimodzimodzi ukhoza kuoneka waung'ono chifukwa kulemera kwake kwabisala pansi. N'chifukwa chake pofananitsa miyala ya m'mbali tiziyeza mamilimita, osadalira sikelo yokha.

Mtundu wa dayamondi umalembedwa ndi zilembo kuyambira D mpaka Z. Wa D ndi woyera ngati madzi, ndipo mukamatsika kulowera ku Z chikasu chimawonjezeka. Zilembo zoyandikana zimavuta kusiyanitsa, koma zikatalikirana aliyense amaona. Aquamarine naye amasiyana: wina ndi wabuluu, wina amapita kobiriwira, ndipo wambiri pamsika wa dziko lonse amatenthedwa kuti kubiriwirako kuchoke.

Kuyera kwa mkati ndi nkhani ya timing'alu ndi timadontho ta m'kati mwa mwala. Kadulidwe ndi komwe kumapangitsa mwala kuthwanima. Wodulidwa molakwika umaoneka wakuda pakati ngakhale ukhale wa mtundu wabwino.

Yezani isanaikidwe pamphete

Malonda ndi m'maso, ndipo nthawi yabwino yoyang'ana ndi pamene miyala idakali m'manja. Zida zake si zambiri: pepala loyera, galasi lokuza zinthu kakhumi, kachida koyezera mamilimita ndi sikelo ing'onoing'ono ya batire.

Pindani pepalalo pakati, ikani miyala moyandikana m'mphindimo nkhope zitayang'ana pansi. Yang'anani masana pamthunzi kapena pafupi ndi zenera. Babu lachikasu la m'shopu limabisa kusiyana, ndipo dzuwa lamphamvu limathobwa m'maso. Kenako sinthanitsani malo, wakumanja upite kumanzere, muyang'anenso. Mwala womwe ukuonekabe wosiyana kulikonse komwe mwauika, uchotseni.

Ngati muli ndi tochi ija yoonera ndalama zachinyengo, unikani nayo. Miyala ina ya dayamondi imawala buluu pansi pa kuwala kotere, ina ayi. Zimenezi sizisonyeza kuti wina ndi wabodza, koma m'holo ya ukwati momwe muli magetsi amitundumitundu umodzi ukhoza kuwala wokha. Ndi bwino kudziwiratu.

Kumbukiraninso kuti chitsulo chimasintha maonekedwe a mwala. Golide wachikasu amabisa kachikasu ka dayamondi, pamene siliva amakaonetsa poyera. Choncho miyala yoika pa siliva imafuna kufananitsa mosamala kwambiri.

Lembani musanalandire dipoziti

Milandu yambiri imayamba chifukwa pangano lidali lapakamwa. Muitaneni kasitomala adzaone miyala isanaikidwe, asankhe yekha. Ijambuleni pamodzi papepala loyera, mumutumizire chithunzicho pa WhatsApp, ayankhe kuti wavomera. Palisiti lembani dzina la mwala uliwonse, mamilimita ake, kulemera kwake, chitsulo chomwe mugwiritse ntchito, mtengo ndi tsiku lodzatenga. Siliva weniweni wa mphete amadindidwa 925, golide wa 9 carat amadindidwa 375 ndipo wa 18 carat amadindidwa 750. Nambala imeneyi ikhalenso palisiti.

Kasitomala akabwera ndi mwala wakewake, mwina wochotsa pamphete ya mayi ake, uyezeni ndi kuujambula iye akuona, nonse musaine. Mukapanda kutero, mawa adzati mwausinthitsa ndipo mudzasowa poyankha. Mumuuzenso poyera kuti kupeza mwala wofanana ndendende ndi wakewo n'kovuta, mungoyesetsa kupeza woyandikira.

Akabwera kudzadandaula

Musakangane naye pagulu. Mukhazikeni pansi, mumve kaye dandaulo lake lonse. Kenako tsukani mpheteyo ndi madzi ofunda, sopo wotsukira mbale ndi mswachi wofewa. Dayamondi amakoka mafuta, ndipo mafuta odzola akaunjikana pansi pa mwala umodzi, umaoneka wozimirira. Mukatsuka, yang'anani ndi galasi lija ngati mwala wina sudakhale chopendekera, chifukwa wopendekera umawala mosiyana ndi unzake. Vuto limenelo mmisiri amakonza tsiku lomwelo.

Ngati miyalayo ndi yosiyanadi, vomerani msanga n'kupepesa. Njira zilipo zitatu: kusintha miyala, kuchotsera mtengo ngati iye akuvomera kukhala nayo choncho, kapena kubweza ndalama. Posintha, gulani miyala iwiri yatsopano yofanana. Kusakasaka umodzi woti ufanane ndi wotsalawo kumatha nthawi ndipo kawirikawiri kumakanika.

Tiwerengere limodzi ndi manambala ongoyerekeza. Mphete mwagulitsa K400,000. Siliva ndi mmisiri zadya K150,000, mwala waukulu K100,000, ing'onoing'ono iwiri K50,000. Phindu lanu ndi K100,000. Mukasintha miyala iwiriyo mulipira K50,000 ina ndi K20,000 ya mmisiri, phindu litsala K30,000. Miyala yochotsedwayo ikadali yanu, ndipo iliyonse payokha ikhoza kukhala pamkanda wapakhosi pomwe sifunika inzake. Mukabweza ndalama yonse, K300,000 ya mpamba yagona m'mphete yomwe idapangidwira chala cha munthu mmodzi. Mukakana zonse, mwasunga K100,000 lero, koma nkhani yanu ikafika pagulu la WhatsApp la komiti ya ukwati, maoda a chaka chino mwawataya. Kusintha miyala ndiko kumapweteka pang'ono.

Chimodzi musachite: kuika galasi kapena cubic zirconia mobisa kuti miyala ifanane. Zirconia ndi katundu wabwino, wotsika mtengo, ndipo amafanana bwino chifukwa ndi wopangidwa kufakitale. Kumugulitsa si kulakwa, bola mwatchula dzina lake. Kumutcha dayamondi ndi chinyengo, ndipo sikuchedwa kuululika, chifukwa zirconia amalemera kuposa dayamondi wa msinkhu womwewo ndi theka n'kupitirira. Kasitomala wonamizidwa ali ndi ufulu wokadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Inunso musamale komwe mukugula. Malamulo a migodi amafuna kuti ochita malonda a miyala ya mtengo wapatali akhale ndi chiphaso, choncho gulani kwa amene ali nacho ndipo mulandire lisiti. Mukatero, mwala ukapezeka wolakwika mumakhala ndi kobwerera.

Phunziro ili si la osula mphete okha. Telala amene wagwira oda ya yunifolomu ya aperekezi a ukwati agule nsalu yonse kamodzi ku Taifa, chifukwa mpukutu wa mwezi wamawa ukhoza kusiyana mtundu ngakhale maluwa ake ndi omwewo. Chimodzimodzi woluka mikanda, wogulitsa ulusi, penti kapena matailosi. Chilichonse chomwe chikakhale moyandikana ndi chinzake chigulidwe pamodzi, chionedwe masana, ndipo mwini oda avomereze ntchito isanayambe.