Bambo akuona magazi kuchimbudzi, koma kuchipatala akukana

Azakhali,

Ndine mayi wa ana anayi. Amuna anga ali ndi zaka 54 ndipo yatha miyezi isanu akuona magazi akapita kuchimbudzi. Sanandiuze okha, ndinazindikira pochapa zovala zawo zamkati. Nditafunsa anati ndi mudzi chabe. Anzawo anawapatsa mizu yowiritsa, mabotolo atatu atha. Masiku ena amatsegula m'mimba, masiku ena amadzimbidwa. Lamba wawo aboola kale mabowo awiri ndi msomali. Ndikatchula chipatala amati, "Ine munthu wamkulu ndikavulire kamwana ka dzana?" Nditani?

Mayi wodandaula, Dedza

Amayi,

Akulu amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, koma kwanuko wamva m'mimbayo ndi amene watsamira chitseko. Ndiye mutsegule ndinu.

Mwina ndi mudzidi. Magazi ake amakhala ofiira, amadontha munthu atamaliza kudzithandiza. Palinso kamwazi, ngakhalenso likodzo la m'matumbo limene amatenga anthu osamba kapena kuwedza m'madzi okhala nkhono. Limenelo limamva mankhwala otchedwa praziquantel. Koma chimene chandiimitsa mutu m'kalata yanu si magazi ayi, ndi lambayo. Mudzi suondetsa munthu. Magazi a miyezi isanu, chimbudzi chosinthasintha ndi kuonda pa munthu wopitirira zaka 50, dokotala aliyense amafuna atsimikize kaye kuti si khansa ya m'matumbo aakulu. Sindikuti ndi imeneyo. Ndikuti amene sanawayeze, kaya ine, kaya anzawo a mizuwo, alibe mphamvu yonena kuti si imeneyo.

Khansayi kawirikawiri imayamba ngati kanjerewere m'kati mwa thumbo, n'kumakula mwakachetechete kwa zaka, mwina mpaka khumi. Ikapezeka isanafalikire kuchiwindi, madokotala amadula chigawo chodwalacho n'kulumikiza thumbo, ena amawonjezera mankhwala a khansa, munthu n'kubwerera kumunda. Ena amawaika kathumba pamimba kolandira chimbudzi, ndipo nthawi zina n'kwa miyezi yochepa chabe. Siisankha olemera kapena osauka: Chadwick Boseman, uja wa filimu ya Black Panther, inamutenga mu 2020 ali ndi zaka 43 zokha.

Tsopano zamanyazizo, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Bambo asamve kuti mukuwanamiza: inde, dokotala amavala magolovesi, amapaka mafuta, n'kupisa chala kunjira ya chimbudzi. Mphindi imodzi siitha. Kwa iye ndi ntchito ya tsiku lililonse, ngati mmene inu mumafinyira peyala pamsika kuona ngati lapsa. Bambo ali ndi ufulu wopempha kuti awaone dokotala wamwamuna. Adzawayezanso chimbudzi, ndi magazi kuti aone ngati achepa m'thupi. Akakayikira, adzawatumiza ku chipatala chachikulu, monga Kamuzu Central ku Lilongwe, kukaunika ndi kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kunsonga, kamene amati colonoscopy. Dzulo lake munthu amamwa mankhwala otsuka m'mimba, ndipo amene anapitako amati chotopetsa ndi chimenecho, kuthamangira kuchimbudzi usiku wonse. Akaona chotupa amatapako kanyama kuti akakapime.

Musawayambe pamaso pa ana, kapena mbale ya nsima ili pakati. Dikirani kuchipinda, muwauze mantha anu, osati kulakwa kwawo. Amuna ambiri amene amati "manyazi" amakhala akuopa zimene akamve. Akakanabe, itanani achimwene awo kapena ankhoswe. Pali mawu amene mwamuna amawamva bwino akachokera kwa mwamuna mnzake. Mizuyo musalimbane nayo, mungoti ayambe aima kaye mpaka adokotala awaone.

Popita tengani buku lawo la kuchipatala, ndipo mulowe nawo ngati alola, chifukwa ndikuwadziwa abambo otere: akafika pamaso pa dokotala amangoti "m'mimba mukupota pang'ono." Inu mukanene miyezi isanuyo, mukanene za lamba, mukanenenso ngati pamtundu pawo wina anadwalapo zotere. Akangowapatsa mapiritsi osawayeza, funsani mwaulemu kuti awaone kaye. Koma mimba ikatupa, mpweya ndi chimbudzi n'kuleka kutuluka, kapena akayamba kusanza, kapena magazi akachuluka mpaka chizungulire, musadikire kuche. Pezani galimoto usiku womwewo.

Azakhali