Mitsempha ya M'khosi Siyenda Njira Imodzi mwa Tonse

Tisanayambe phunziroli, tiyeni tiike zala ziwiri pambali pa kholingo, mbali imodzi yokha. Kugunda tikumvako ndi kwa mtsempha wa magazi wotchedwa carotid. Tili nayo iwiri, kumanja ndi kumanzere. Uliwonse ukafika chapansi pa nsagwada umagawika pawiri: nthambi ina imapita kunkhope, ina imalowa m'chigaza kukapereka magazi ku ubongo ndi m'maso.

Umu ndi mmene mabuku a Bayoloje amajambulira. Koma makina ounika m'thupi, monga CT ndi MRI, amaonetsa kuti anthu ena ochepa anabadwa mosiyana.

Kusiyana kutatu

Choyamba, ena amabadwa opanda nthambi yopita ku ubongo mbali imodzi. Ambiri sadziwa n'komwe, chifukwa pansi pa ubongo pali mitsempha yolumikizana ngati mkombero, imene Thomas Willis anaifotokoza mu 1664, ndipo magazi amazungulira kumeneko. Dokotala amazindikira kuti munthu anabadwa choncho, osati kuti mtsempha watsekeka, akaona pa CT kuti kabowo kodutsa mtsemphawo m'fupa la chigaza kulibenso.

Chachiwiri, mwa ena mtsemphawu umakhota n'kudutsa kuseri kwa mmero. Munthu akayasamula, pamaoneka ngati chotupa chogunda.

Chachitatu, mwa ena umadzera m'kati mwa khutu. Pamaoneka kanthu kofiira, ndipo mwiniwake amamva kugunda m'khutumo.

Zikutikhudza bwanji?

Kusiyanaku pakokha si matenda. Ngozi imabwera wina akayesa mtsempha ngati chotupa n'kuuboola kapena kuucheka, chifukwa magazi ake amatuluka mwamphamvu kwambiri.

Taganizirani za m'bale wathu wa ku Makanjira. Kuti akafike kuchipatala chachikulu cha boma ku Mangochi ayenera kuyenda makilomita pafupifupi 100, pamsewu wovuta nthawi ya dzinja. Makina a MRI oyamba m'dziko muno anaikidwa mu 2008 pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kutali kwambiri ndi kunyanja. Munthu wotaya magazi m'khosi alibe nthawi yokwanira ulendo wotere. Kupewa ndiye chitetezo chake.

Zoyenera kuchita

Tisalole aliyense kucheka, kutema mphini kapena kuboola chotupa cha pakhosi, kummero kapena m'khutu, makamaka chikamagunda. Tipite nacho kuchipatala.

Tikajambulidwa, tipemphe kuti zotsatira zilembedwe m'buku lathu la kuchipatala, ndipo tizilionetsa tisanachitidwe opaleshoni iliyonse ya kummero kapena m'khutu.

Munthu akapindika kamwa mwadzidzidzi, akafooka mkono kapena akamalephera kulankhula, tithamange naye kuchipatala nthawi yomweyo. Zimenezi ndi zizindikiro za sitiroko.

Zokambirana

1. N'chifukwa chiyani munthu wopanda nthambi imodzi yopita ku ubongo amatha kukhala bwinobwino?
2. Ife amene tikuphunzira uphunzitsi, tingawafotokozere bwanji agogo athu zimenezi popanda kuwaopseza kapena kuwanyoza?