Azakhali: Kodi tiyi ameneyu ali ndi dzina?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Bvumbwe. Chigulireni kamera kwa mnzawo wina wochokera ku Joni, bambo a kunyumba kuno sakuona tulo. Loweruka ndi Lamulungu amadzuka tambala asanalire n'kuliza njinga yamoto, ati akukajambula minda ya tiyi ku Thyolo dzuwa likamatuluka. Kubwera kwake ndi 11 koloko. Madzulo ulendo wayambanso, ati polowa dzuwa ndiye kumakongola, ndipo amafika 9 koloko nsima itazizira. Zithunzi zomwe amandionetsa ndi masamba okhaokha, zina zoyera mbuu, zina mdima bii. Azakhali, munthu wamkulu wandevu zake angasiye bulangete mu June chifukwa cha masamba? Kapena tiyi ameneyu ali ndi dzina?

Wodabwa, Bvumbwe

Mwana wanga Wodabwa,

Iii, koma iwe pakamwa! Khala pansi kaye, usanayambe kuitana ankhoswe.

Ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo akamwini athuwa, ngakhale sizikundikomera. Pa nthawi yonyamukirayo sakunama. Ojambula minda ndi zitunda amadana nalo dzuwa la paliwombo, chifukwa likakhala pamutu kuwala kumagwa mofanana paliponse, ndipo chitunda, chigwa ndi mizere zimangoti see ngati mphasa yoyala pabwalo. Koma likangosuzumira kumene, kuwala kumabwera chogona, chammbali. Mbali imodzi ya chitunda yawala, inayo ikadali mumthunzi, mzere uliwonse wa tiyi uli ndi kamthunzi kake, ndiye diso limaona kuti apa pakwera, apo patsika. Kufiira kuja nakonso si matsenga. Dzuwa likakhala pansi, kuwala kwake kumadutsa mumpweya wambiri kusanatifike, mtundu wa buluu umamwazikira m'njira, n'kutsala wofiira ndi wachikasu. Choncho wofuna chithunzi chabwino amayenera kukafika pamalo kusanache, aime, adikire.

Pamene pakundikayikitsa ine ndi pobwererapo. Dzuwa la kuno silizengereza, limakwera chowongoka, limatsikanso chowongoka. Mu June limatuluka cha m'ma 6 koloko, ndipo hafu pasiti 5 madzulo isanakwane lalowa kale. Mu November ndi December limatuluka cha m'ma 5. Kuwala kokoma kumene akuthamangirako sikutha ola kusanasanduke dzuwa wamba loyanikira zovala, ndipo madzulo likangolowa, pakatha theka la ola kwada. Wojambula wa ku Scotland atha kudziwiringula, poti kwawo mu June chisisira chimakhalitsa mpaka kupitirira 10 koloko usiku. Wa ku Bvumbwe alibe pothawira. Thyolo si kutali, mwana wanga. Pofika 8 koloko m'mawa munthuyo azikhala ali pakhonde akumwa tiyi yemwe amakajambulayo. Maola atatu a m'mawa ndi atatu a madzulo amenewo ndi amene akufunika kulongosoledwa.

Usachite kufunsa kwa asing'anga, mboni uli nazo m'nyumba momwemo. Tenga chithunzi chimodzi uyang'ane mithunzi ya mitengo. Ikakhala italiitali, yogona kudutsa munda, analipodi mmamawa. Ikakhala yaifupi, ndiye kuti anajambula 10 koloko pobwerera kumene anali, kuti angokhala ndi chokuonetsa. Kamera ndi foni zimalembanso tsiku ndi ola la chithunzi chilichonse, ngati wotchi yake anaitchera bwino. Ukatero uyang'ane buluku. Munthu woyenda m'munda mbandakucha amabwera atanyowa ndi mame mpaka m'mawondo, nsapato zili katondo yekhayekha, njere za chisoso zitakakamira m'miyendo. Akabwera wouma, wonunkhira sopo yemwe iwe sugula, undilemberenso.

Tsono tiyerekeze kuti ndi osalakwa, angokhala osadziwa ntchito, zomwe mwa amuna si zachilendo. Zoyera mbuu ndi zakuda biizo gwero lake ndi limodzi. M'mawa ndi madzulo kumwamba kumawala kwambiri pamene pansi pakadali kamdima, ndipo kamera siyitha kusunga zonse ziwiri monga limachitira diso lathu. Ikasamala munda, thambo limapserera. Ikasamala thambo, munda umada. Uwauze asiye kulozetsa kamera m'maso mwa dzuwa. Alisiye kudzanja lamanja kapena lamanzere, thambo alichepetse m'chithunzimo, munda ndiwo uchuluke. Ngati akufunabe zonse, achepetse kuwala pang'ono kuti mitambo isathawe, kapena ayatse HDR, yomwe imajambula kangapo n'kuphatikiza. Zosaoneka bwino, zokhala ngati zagwedezeka, ndi manja. Kuwala kukachepa kamera imatsegula diso lake nthawi yotalikirapo, ndiye munthu akunjenjemera ndi chisanu cha June, ukuganiza kuti chituluka n'chiyani? Agule choimikapo cha miyendo itatu chija, apo ayi aikhazike pachitsa kapena pamwala, atchere kuti ijambule yokha pakatha masekondi awiri. Galasi nalo azilipukuta, limachita nthunzi ndi mame.

Adziwenso koima. Phiri la Mulanje, lija nsonga yake ya Sapitwa ndi mamita 3,002, lili kum'mawa kwa Thyolo. M'mawa dzuwa limatulukira kumbuyo kwake, phirilo n'kungooneka chimthunzi chakuda. Nthawi imeneyo aziyang'ana m'zigwa, mmene nkhungu imagona pakati pa zitunda dzuwa lisanaibalalitse. Phiri ndi lamadzulo, pamene thanthwe la Chambe, lomwe linayang'ana kolowera dzuwa, limafiira, tiyi ali biriwiri kutsogolo kwake. Ndipo si tsiku lililonse loyenera kuwononga petulo. Chiperoni chikabwera kuchokera ku Mozambique miyezi yozizirayi, kumakhala mvula yowaza ndi chifunga masiku angapo, dzuwa osaoneka. Akanyamuka tsiku lotero, ine sindiwaimiranso. September ndi October utsi wa moto wolusa m'tchire umaphimba mapiri. Dzuwa limalowa lofiira psuu, lokongola ndithu, koma zitunda zakutali zimazimirira. Mpweya umayera mvula yoyamba ikagwa, ndipo ndi nthawi imenenso mizere ya chimanga imaoneka bwino, mbewu isanatalike n'kuiphimba.

Za masamba okhaokhazo ndagwirizana nawe. Chithunzi chimafuna poti diso ligwire: kamsewu kofiira kokhotakhota, mtengo umodzi pamwamba pa chitunda, anthu othyola tiyi ndi madengu kumsana, makamaka kuyambira December mpaka April pamene ntchito yothyola imakula. Koma minda imeneyi ili ndi eni ake. Satemwa mwachitsanzo ilipo kuyambira 1923, si tchire loti munthu angolowamo usiku ngati fisi. Apemphe chilolezo asanakumane ndi alonda, ndipo anthu ogwira ntchitowo aziwapempha kaye asanawajambule, chifukwa iwo anabwerera ndalama, osati kudzakometsa Facebook ya amuna ako. Iweyo ungoonetsetsa kuti wothyola tiyi wake asakhale yemweyemweyo pa chithunzi chilichonse.

Loweruka likubwerali ana ukawasiye kwa mlamu wako. Usanene kanthu Lachisanu. Njinga ikangolira, tuluka utavala juzi ndi chitenje chokhuthala, fulasiki m'manja, uwauze kuti, "Bambo, lero ndikakunyamulirani chikwama cha kamera." Akasekerera n'kukusendezera malo, ndiye kuti wakwatiwa ndi wojambula, ndipo uyambe kuwafunsa kuti zithunzizi zidzayamba liti kubweza ndalama ya petulo. Akayamba zoti njinga yaphwa mpweya, pompa uli naye kale m'chitenjemo.

Ndine Azakhali ako