MTEDZA WOTSALA POSANKHA UMAPITA KUTI?

Alimi onse olembetsedwa pamodzi ndi matenanti a m'maesiteti akudziwa kuti bungwe lathu siligula mtedza wachuku. Phunziro la mwezi uno likunena za mtedza umene umatsala pa lichero tikatha kusankha.

Chuku ndi kachomera kakang'ono kwambiri kokhala m'dothi, kamene akatswiri amakatcha Aspergillus flavus. Kakalowa mu mtedza kapena m'chimanga kamatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu anadziwika chaka cha 1960 pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku Mangalande zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mwa munthu amaononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka kuyambitsa khansa, ndipo ana odya chakudya chotere kawirikawiri amakwinimbira. Kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa ayi. Ichi n'chifukwa chake maiko a ku Ulaya salola mtedza wodya anthu ngati poizoniyu wapitirira magawo 4 pa magawo 1,000,000,000 alionse.

Kuno kwathu, mmodzi wa akatswiri amene afufuza kwambiri nkhaniyi ndi a Limbikani Matumba, amene anagwirapo ntchito pa Chitedze, kumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, ndipo kenaka anakhala mphunzitsi wa sukulu ya ukachenjede ya LUANAR. Iwo ndi anzawo anaonetsa kuti kusankha ndi manja, ntchito imene ena amaipeputsa, kumachotsa gawo lalikulu la poizoni, chifukwa poizoniyo saali mu njere zonse mofanana. Amaunjikana mu njere zochepa: zophwanyika, zobooledwa ndi tizilombo, zosintha mtundu ndiponso mphwephwa.

Koma chaka cha 2015 anaululanso mbali yowawa ya nkhaniyi. Tikasankha mtedza wabwino kuti upite kunja, woipa uja sutayidwa. Umagulitsidwa motchipa kuno komwe, ndipo poizoni amene anali womwazikana m'masaka ambiri tsopano ali m'saka limodzi. Taganizani za ulendo wa saka limenelo. Lafika pa msika ngati wa Mgona, lagulidwa, mtedza wasinjidwa. Mayi wa ku Kawale, ku Biwi kapena ku Chinsapo wagula kapepala ka nsinjiro kuti atendere nkhwani ndi kuthira m'phala la mwana. Mtedza ukasinjidwa kapena ukasanduka chiponde, palibe diso lingazindikire kuti unali wovunda. Ambiri a ife tili ndi ana ndi abale ku Area 23 ndi ku Area 25, ndipo amagula m'misika yomweyi.

Nanga mlimi achitenji? Choyamba achepetse mtedza woipa kuyambira kumunda. Bzalani ndi mvula yoyamba, pakuti chuku chimalowa kwambiri ngati mtedza wakumana ndi ng'amba pamene ukukhwima. Kumbani pa nthawi yake, ndipo samalani kuti khasu lisateme makoko.

Pa kaumitsidwe pali mfundo yofunika kuimvetsa. Kwa zaka zingapo alimi ankalimbikitsidwa kuunjika mtedza m'milu yozungulira yotchedwa Mandela cock. Kafukufuku wa a Matumba ndi anzawo wa chaka cha 2018 anapeza poizoni wochuluka m'milu imeneyi kusiyana ndi mtedza woyanikidwa m'mizere motembenuza, masamba pansi mtedza kumwamba. Choncho yanikani m'mizere, ndipo thotholani pokhapokha njere zikamalira m'makoko mukagwedeza.

Pali chizolowezi china choipa chimene tiyenera kuchitchula poyera: kuwaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda, kapena kuti saka lilemere pa sikelo. Kutero n'kuthirira chuku ndi manja anu. Sungani mtedza ndi makoko ake, masaka akhale pa mitengo osati pansi, ndipo sendani pamene mwatsala pang'ono kugulitsa.

Posankha khalani ndi mbale zitatu osati ziwiri: ya mtedza wa giredi yoyamba, ya mtedza waung'ono koma woyera bwino umene mungadye pakhomo, ndi ya wovunda. Wa m'mbale yachitatu musagulitse kwa mavenda, musapatse antchito ngati malipiro, ndiponso musadyetse nkhuku kapena ng'ombe za mkaka, chifukwa poizoniyu amadutsa mpaka mu mkaka. Ukwirireni m'dzenje lakuya kapena uotcheni. Eni maesiteti aonetsetse kuti matenanti awo apatsidwa malo ouma osungira masaka mvula isanayambe.