Phunziro la Kumunda: Tiyeni Tiziyendera Nsabwe M'nsawa Zathu

Phunziro lathu la mwezi uno lichokera ku Zemba, m'boma la Chadiza, kumene nsawa ndi mbeu ya amai. Ndife tibzala, ndife tipalira, ndife tisenda, ndipo nsinjiro za m'ndiwo pamodzi ndi kandalama ka sopo ndi makope a ana zichokera m'menemo. Koma ambiri a ife tikafika kumunda timayang'ana udzu wokha. Sitiwerama kuti tione kunsi kwa masamba, kumene kukhala nsabwe za m'mbeu.

Nsabwe zimenezi n'zazing'ono ngati njere ya chitowe. Zimaboola nsonga yanthete ndi kuyamwa madzi a mbeu. Kuyamwako pakokha sikukanatiopsa kwambiri, koma nsabwe yakuda ya m'nsawa imanyamula kachirombo ka khate, matenda amene ena amati kadukutu. Ikayamwa pa phata lodwala n'kukatera pa lamoyo, yasiyapo matenda. Phatalo limapinimbira, masamba amachepa ndi kuunjikana, ena achikasu, ena obiriwira moderako. Likagwidwa likali laling'ono, pokumba mupeza mizu yokha.

Khate si lachilendo. Linalembedwa koyamba mu 1907 ku Tanganyika, dziko limene lero ndi Tanzania. Mu 1975 linasakaza minda yambirimbiri kumpoto kwa Nigeria. Kuno kwathu, achikulire akumbukira 1995, pamene mahekitala pafupifupi 43,000 a nsawa anagwidwa m'chigawo chathu cha Kum'mawa. Mankhwala ochiza phata lodwala kulibe. Pamene muona khate ndi maso, nsabwe inadutsapo masabata awiri kapena atatu apitawo. N'chifukwa chake tiyenera kuona nsabweyo isanachuluke.

Nsabwe si mtundu umodzi

Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Ya m'nsawa ndi yakuda, yaikulu yake yonyezimira, ndipo ndi yomweyo imene imadzaza pa nsonga ndi pa zitheba za nyemba ndi khobwe. Ya m'repu ndi m'kabichi ndi yotuwa, ngati yawazidwa phulusa. Ya m'thonje, imene imapezekanso m'therere ndi m'chibwabwa, imakhala yachikasu kapena yobiriwira. Ya m'chimanga ndi m'mapira imabisala m'kati mwa nsonga ndi pa ngayaye. Kusiyanitsa kumeneku kuli ndi phindu: nsabwe yotuwa ya kudimba siidzasamukira m'nsawa zanu, koma yakuda ya pa khobwe wa m'mphepete mwa munda ingathe kutero.

Kuswana kwake nkodabwitsa. Kuno kotentha yaikazi siifuna yamphongo, ndipo siiikira mazira. Imabala ana amoyo, ndipo mwanayo pakangotha sabata limodzi nayenso ayamba kubala. Zikapanikizana pa phata limodzi, zina zimabadwa zomera mapiko, mphepo n'kuzitenga kupita kumunda wa mnansi. Mvula yamphamvu imazikokolola, koma ng'amba ikagwa m'Januwale zimachuluka msanga.

Kayenderedwe kake

Abambo olima thonje anaphunzitsidwa kale kuyendera munda ndi kuwerenga tizirombo asanapopere. Ife m'nsawa tingachite chimodzimodzi, popanda kugula kanthu. Yambani nsawa zikangomera, ndipo pitirizani kamodzi pa sabata mpaka masamba atakumana ndi kuphimba nthaka. Pitani m'mawa. Musayende m'mphepete mokha. Dulani munda mokhotakhota kuchokera ngodya ina kufika ina, ndipo muime pa mapata 20. Pa phata lililonse tsegulani nsonga yanthete ndi chala, tembenuzani masamba awiri atatu. Mukapeza nsabwe, ponyani njere ya chimanga m'thumba. Potuluka m'munda werengani njerezo, ndipo mwana wa sukulu alembe m'kope tsiku ndi chiwerengero chake.

Kulembako musakupeputse. Mai wina wa kwathu anandiuza kuti, "Ine ndimasunga m'mutu." Koma mutu umene ukusunga za maliro, za chigayo ndi za mwana wodwala sungakumbukire ngati sabata latha njere zinali zitatu kapena zisanu ndi ziwiri. Chimene tifuna kudziwa ndi chakuti nsabwe zikukwera kapena zikutsika, ndipo ndi kope lokha lingatiuze. Ndi kope lomwelo mupite nalo kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu.

Nyerere zikuthandizeni. Nsabwe zimatulutsa madzi otsekemera onata, ndipo nyerere zimakwera kukanyambita. Mukaona mzere wa nyerere pa phata, weramani. Amene ali ndi beseni lachikasu angalidzaze madzi, kudonthezamo sopo pang'ono ndi kuliika pakati pa mizere. Nsabwe zamapiko zimakopeka ndi mtundu wachikasu, ndipo zikayamba kugweramo mudziwa kuti alendo afika.

Poyendera muonenso abwenzi athu. Kachirombo kozungulira ngati kafulu, kofiira kapena kachikasu ka madontho akuda, kamadya nsabwe, ndipo ana ake, amene amaoneka ngati tiabuluzi takuda, amadya koposa. Mukapeza nsabwe zotupa, zouma, zofiirira, musade nkhawa: kamavu kakang'ono kanaikiramo dzira. Pamene abwenzi otere achuluka, nthawi zambiri nsabwe zimatsika zokha.

Mukazipeza

Phata loonetsa khate lizuleni msanga ndi kulikwirira kutali ndi munda. Pa ndiwo za kudimba, madzi a sopo kapena a masamba a nimu osinja amathandiza mukawaza kunsi kwa masamba madzulo. Koma apa ndilankhule mosabisa, amai anzanga. Chizolowezi chotapa mankhwala otsala a thonje ndi kupopera repu n'choipa. Repuyo timathyola mawa lake, kuphikira ana athu ndi kugulitsa kwa anzathu. Mankhwala a thonje sanapangidwire chakudya, ndipo amapha ndi abwenzi aja, kotero kuti nsabwe zikabweranso sizipeza woziletsa. Ngati kupopera kwafunika, alangizi akuuzeni mankhwala oyenera ndi masiku odikira musanathyole.

Zambiri zimatheka nsabwe zisanafike. Bzalani nsawa ndi mvula yoyamba. Ndidziwa kuti pa mabanja ambiri chimanga ndi thonje zimayamba, nsawa za amai n'kutsalira kumapeto kwa Disembala. Nkhani imeneyi ndi yofunika kuikamba ndi abambo mvula isanagwe, pakuti nsawa zochedwa ndizo zimakumana ndi nsabwe zikali zanthete. Bzalani mothithikana, masentimita 10 mpaka 15 pakati pa mapando malinga ndi mtundu, chifukwa nsabwe zamapiko zimakonda kutera pamene pali mipata ya dothi loonekera. Khate siliyenda m'mbeu yobzala, koma limatha kudikira chilimwe chonse m'nsawa zomera zokha, makamaka m'madimba ndi m'malo a chinyontho, zimenezo zizulidwe.

Chalimbana timamukonda chifukwa cha maso ake aakulu ndi kukoma kwake, koma ku khate alibe mphamvu. Akatswiri a ku Msekera, pafupi ndi Chipata, mogwirizana ndi a ICRISAT a ku Chitedze m'Malawi, anatulutsa mitundu yopirira monga Chishango ndi Msandile. Amene sakufuna kusiya Chalimbana angagawe munda pawiri, ndipo poyendera azilemba mbali iliyonse payokha m'kope muja.