Laisensi ya Njinga Yamoto: Kodi Mayeso a pa Sikuta Akukwanira?

Aliyense amene watsikapo minibasi pa Liwonde kapena pa depoti ya Balaka amadziwa mmene zimakhalira. Usanaponde n'komwe pansi, anyamata a kabaza amakhala atakuzungulira kale, wina wagwira chikwama, wina akuliza injini. Njinga yamoto ndiyo imafikitsa mayi wodwala ku chipatala, ndiyonso imatenga mphunzitsi kuchokera pa tala kukamusiya kumudzi. Ena mwa ife timakwera njinga zimenezi tsiku lililonse, ndipo ena tikuyembekezera kuti tikamaliza maphunziro tidzapatsidwa yathu kuntchito.

Pakati pa ophunzira pamamveka malangizo akuti: "Ukafuna laisensi, bwereka sikuta. Ilibe magiya, siizima, ukhoza tsiku lomwelo." M'phunziro lino tiona ngati malangizo amenewa angatithandize. Mfundo yaikulu ndi iyi: phunzira ndi kuyesedwa pa njinga yofanana ndi imene udzayendetse.

1. Zimene lamulo limafuna

Nkhani zapamsewu m'Malawi zimayendera lamulo la Road Traffic Act la mu 1997. Ziphaso zoyendetsera zimaperekedwa ndi nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene ambiri timangoti Road Traffic. Anthu a ku Machinga ndi Balaka amathandizidwa ku ofesi ya chigawo cha kummawa ku Zomba, ndipo ena amalowera ku Blantyre.

Malaisensi athu amatsata magulu amene amagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri a SADC. Pa njinga zamoto magulu alipo awiri. Gulu A1 ndi la njinga ya injini yosapitirira 125cc, ndipo munthu angathe kulitenga kuyambira zaka 16. Gulu A ndi la njinga ya injini yoposa 125cc, ndipo limafuna zaka 18. Amene ali ndi A amaloledwa kuyendetsanso njinga zazing'ono, koma wa A1 saloledwa kukwera yaikulu. Laisensi ya gulu B ndi ya galimoto yaing'ono; kukhala nayo sikupatsa munthu chilolezo choyendetsa njinga yamoto.

Njira yake imayenda motere. Choyamba umalembetsa dzina lako mu kompyuta za Road Traffic pogwiritsa ntchito chitupa cha unzika. Kenako umayesedwa pa malamulo ndi zikwangwani zapamsewu, ndipo ukakhoza umalandira chiphaso cha wophunzira. Ukaphunzira mokwanira ndi pamene umakayesedwa kayendetsedwe. Pambali pa laisensi yako, njinganso iyenera kukhala yolembetsedwa, ya nambala, ndiponso ya inshuwalansi yolipira anthu ena ukawavulaza kapena kuwaonongera katundu.

2. Pamene sikuta imakupusitsa

Masikuta ambiri amene timawaona m'matauni ali ndi injini ya 125cc kapena yocheperapo. Ukayesedwa pa njinga yaing'ono chotero, gulu lako ndi A1. Tsono njinga zambiri zimene zimagwira ntchito kumidzi n'zazikulu kuposa pamenepo. Pa kabaza njinga za 150cc zilipo zambiri, ndipo Yamaha AG200, imene alangizi a zaulimi ndi ogwira ntchito m'mabungwe amayendera, ili kunja kwa malire a A1. Munthu angathe kukhala ndi laisensi m'thumba koma n'kukhala kuti pa njinga imene wakwerayo alibe chilolezo. Wapolisi wapamsewu akakuimitsa amayang'ana gulu limene lalembedwa pa khadi. Choopsa kwambiri chimadza pa ngozi, chifukwa kampani ya inshuwalansi imafunsa ngati woyendetsa anali ndi laisensi yoyenera njingayo.

Maiko ena amalekanitsanso njinga za magiya ndi zopanda magiya. Ku Britain, munthu akakhoza mayeso pa njinga yosintha yokha magiya, laisensi yake imamulola kuyendetsa njinga za mtundu womwewo basi. Iwo anaona kuti luso la pa sikuta silisamukira lokha pa njinga ya kilachi. Chifukwa chake chili m'manja ndi m'mapazi mwa woyendetsa.

3. Manja ndi mapazi amaphunzira zosiyana

Pa sikuta yambiri, dzanja lamanja limapereka moto ndi kugwira buleki yakutsogolo, ndipo dzanja lamanzere limagwira buleki yakumbuyo. Mapazi amangopuma. Injini imatumiza mphamvu ku teyala kudzera pa lamba amene amasintha yekha liwiro.

Pa njinga ya magiya ziwalo zonse zinayi zili pa ntchito. Dzanja lamanja ndi moto ndi buleki yakutsogolo. Dzanja lamanzere ndi kilachi. Phazi lamanzere limasintha magiya. Phazi lamanja ndi buleki yakumbuyo.

Taonani pamene pali msampha. Chogwirira chakumanzere, chimene pa sikuta ndi buleki, pa njinga ya magiya ndi kilachi. Tiyerekeze kuti mukutsika phiri kuchokera ku Machinga boma kulowera ku Liwonde, ndiye mbuzi yadumphira mumsewu. Pa mphindi yotero munthu saganiza. Thupi limachita zimene linazolowera. Amene anaphunzirira pa sikuta amafinya chakumanzere. Akatero amalekanitsa injini ndi teyala, njinga imasiya kudzigwira ndi giya, ndipo pamalo otsetsereka imathamangirako. Phazi lamanja, limene linayenera kuponda buleki, silinaphunzitsidwepo ntchito imeneyo.

Kusiyana kwina kuli pa mateyala. Masikuta ambiri ali ndi mateyala a mainchesi 10 mpaka 12, pamene njinga za magiya zimakhala ndi a mainchesi 17 kapena 18. Teyala laling'ono limalowa lonse m'dzenje ndipo limavutika mumchenga. Komanso pa sikuta mumakhala ngati pa mpando, pamene pa njinga inayi mumapana thanki ndi mawondo, ndipo kupanako ndi kumene kumathandiza kuiwongolera m'misewu yafumbi. Njinga ziwirizi zimagona mosiyana pa kona, zimaima mosiyana, ndipo zimalemera mosiyana mukanyamula munthu kapena thumba la mpunga.

4. Misewu yathu ndiyo mayeso enieni

Mayeso a ku ofesi amatha pa nthawi yochepa, koma msewu umakuyesa tsiku ndi tsiku. Msewu wa M1 umadutsa m'boma la Balaka pa Phalula, ndipo mumadutsa mathiraki ndi mabasi a mtunda wautali. Mphepo ya thiraki yodutsana nayo imatha kukankha njinga yopepuka. Msewu wa M3 umachokera ku Blantyre, kudutsa ku Zomba, kuoloka Shire pa Kamuzu Barrage, n'kupitirira pa Ulongwe kulowera ku Mangochi. Pa tsiku la msika m'malo ngati Ulongwe, Ntaja kapena Nselema, anthu oyenda pansi, njinga zakapalasa ndi ngolo zimadzaza mpaka pa tala. Palinso njanji yochokera ku Nkaya kudzera pa Liwonde mpaka ku Nayuchi, mmene mumadutsa sitima zazitali za malasha zopita ku Nacala. Sitima yotero singaime chifukwa cha inu. Pa njanji imani, yang'anani mbali zonse, ndipo olokani molunjika kuti teyala lisaterereke pa chitsulo.

Masamu ochepa atithandize. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, njinga imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Ngati mwatha sekondi imodzi mukufunafuna buleki, mwayenda kale mamita 17 musanayambe kuima. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Mphamvu yaikulu yoimitsa njinga ili pa buleki yakutsogolo, chifukwa poima kulemera kumathamangira kutsogolo. Koma mukaifinya mwadzidzidzi pamchenga kapena pa kona, teyala limaterereka. Zimenezi munthu amaziphunzira ndi thupi, pa njinga imene adzakwere, pa bwalo lopanda anthu.

5. Zoyenera kuchita

Choyamba, dziwani kukula kwa injini ya njinga imene mudzayendetse. Kumalembedwa m'mapepala a njingayo. Ngati ikuposa 125cc, funsani gulu A.

Chachiwiri, phunzirirani pa njinga ya magiya mpaka muzitha kunyamuka pamtunda osabwerera m'mbuyo, kuyenda pang'onopang'ono osaponda pansi, kutembenuka pamalo opanikizika, ndi kuima msanga ndi mabuleki onse awiri. Amene wadziwa njinga ya magiya savutika ndi sikuta, koma wa sikuta amayambanso pachiyambi.

Chachitatu, pitani nokha ku ofesi, lipirani ndalama zovomerezeka ndipo sungani malisiti. Madobadoba amene amalonjeza laisensi popanda mayeso akugulitsani khadi lopanda luso, ndipo nthawi zina lachinyengo. Kugula laisensi ndi mlandu, komanso ndi kunamiza aliyense amene adzakhale kumbuyo kwanu.

Chachinayi, valani chipewa chodzitetezera ndi kumanga lamba wake, inu pamodzi ndi amene mwamunyamula. Chipewa chosamanga chimauluka mutu usanafike pansi.

Kwa ife amene timangokwera kabaza, phunziroli likutikhudzanso. Tili ndi ufulu wopempha chipewa, wokana kukwera atatu, ndi wouza woyendetsa kuti, "Achimwene, chepetsani liwiro." Ndi bwino kuchedwa m'kalasi kusiyana ndi kukagona pa chipatala cha Machinga kapena cha Balaka mwendo uli mu pulasitala.

Sikuta si njinga yoipa. Kwa munthu amene maulendo ake ndi a m'tauni, pa tala, ndipo sadzakwera njinga ina, kuyesedwa pa sikuta n'koyenera. Vuto limabwera pamene taisankha kuti tizembe zimene sitinaphunzire. Kulephera mayeso kumapweteka mtima ndi thumba, koma mumabwerera kunyumba wamoyo n'kukayesanso. Kulephera pa M1 kulibe tsiku lobwereza.

Mafunso okambirana

1. Fotokozani kusiyana kwa laisensi ya gulu A1 ndi ya gulu A. Njinga zimene mumakwera kwanu zili m'gulu liti?
2. Tchulani ntchito ya dzanja lililonse ndi phazi lililonse pa sikuta, kenako pa njinga ya magiya. Ngozi ingabwere pati?
3. Njinga ikuthamanga makilomita 30 pa ola. Idzayenda mamita angati pa sekondi imodzi? Nanga pa makilomita 90?
4. Mnzanu wapeza ntchito yofuna laisensi ya njinga sabata yamawa, ndipo wina wamuuza kuti angamupezere khadi popanda mayeso. Mungamulangize chiyani?